Kupaka mtundu pakati pa mizere iwiri ya pa girafu: momwe ntchito ikuyendera

3 Malichi: zipangizo

Ndikupanga girafu ya masamu yoti wophunzira aziigwedeza yekha pa foni kapena pa kompyuta. Pali mizere iwiri, f ndi g, ndipo malo a pakati pa mizereyo azipakidwa mtundu. M'munsi mwake muzioneka nambala yonena kukula kwa malo opakidwawo. Wophunzira akasuntha slider (kabatani kokoka uku ndi uku kuti nambala isinthe), mzere umodzi uzisintha, mtundu uzitsatira, nambala nayonso izisintha nthawi yomweyo.

Zipangizo zake n'zochepa: JavaScript (chilankhulo cholembera mapulogalamu a pa intaneti) yopanda zowonjezera, SVG (njira yojambulira zithunzi polemba mizere ndi manambala), ndi browser. Zonsezi n'zaulere, choncho ndalama sizikulowapo. Mtengo weniweni wa ntchitoyi uli pa mphamvu ya foni ya wophunzira, ndiye ndizinena katundu amene ndikuisenzetsa pamene pakufunika kutero.

Mapulogalamu ochita izi alipo kale. Mu Desmos mukangolemba x² ≤ y ≤ x, malo a pakati amapakidwa. GeoGebra ili ndi lamulo lakuti IntegralBetween(f, g, a, b), lomwe limapaka n'kuperekanso nambala. Ine ndikufuna fayilo imodzi yaing'ono yotseguka ngakhale popanda intaneti, yomwenso mtundu wake uzisintha malinga ndi mzere umene uli pamwamba. Mapulogalamu awiriwa akhala mboni zanga poyerekeza mayankho. Koma mboni yaikulu ndi masamu a papepala: y = x ndi y = x² zimakumana pa 0 ndi pa 1, ndipo malo a pakati pake ndi 1/6.

5 Malichi: timagawo towonda

Njira yoyamba inali yogawa malowo m'timagawo 200 toimirira, kalikonse kochokera pa g kukafika pa f, n'kutipaka mtundu woonekera mkati kuti mizere ya kumbuyo isabisike. Zotsatira zake sizinakongole. Malo onse anatuluka mizeremizere ngati mbidzi. Chifukwa chake n'chakuti m'mphepete mwa kagawo simugwera ndendende pa malire a pixel (kadontho kochepetsetsa ka pa sikirini), ndiye browser imafewetsa m'mphepete mwa kagawo kalikonse pakokha, ndipo pokumanira tiwiri pamatsala kamzere kotuwa. Nditatikulitsa pang'ono kuti tizisanjikizana, timizere totuwa tija tinangosanduka takuda, poti mtundu wagwa kawiri pamalo amodzi.

Njirayi ndaisiya. Ndi yolemeranso: zinthu 200 zofufuta ndi kujambulanso slider ikangokhudzidwa. Code yake sindinataye, idzathandiza pa phunziro la njira ya Riemann yopezera kukula kwa malo pophatikiza timagawo, kumene timagawoto ndiye tofunika kuoneka.

6 Malichi: path imodzi yotsekeka

Tsopano malo onse ndi path imodzi, kutanthauza mzere umodzi wa mu SVG wolumikiza timadontho mozungulira malowo. Imayenda pa f kuchokera kumanzere kupita kumanja, imatsikira pa g n'kubwerera kumanzere, kenako chilembo Z chimatseka. Mizeremizere ija yatha, ndipo chosintha slider ikasuntha ndi chinthu chimodzi chokha.

Pali vuto limene linabisala bwino kwambiri. Timadontho ta g tinkalowa mu path mosatembenuzidwa, kuyambiranso kumanzere. Pa y = x ndi y = x² chithunzi chinatuluka cholondola. Pa y = √x ndi y = x² chinatulukanso cholondola. Mizere ikakhala kuti yakumana koyambira ndi kothera, ulendo wolumpha kubwerera kumanzere ndi ulendo wotseka zimadutsa pamzere womwewo wa pakati, ndipo mbali zonse ziwiri zimapakidwabe. Vutoli linaonekera nditayesa y = x + 2 ndi y = x² kuchokera pa 0 mpaka 1, pamene mapeto a mizere sakumana: mizere iwiri yopingasa inadutsana pakati, kumtunda ndi kumunsi kunapakidwa, koma kumanzere ndi kumanja kunatsala koyera. Kukonza kwake ndi mawu amodzi, reverse(), amene amatembenuza mndandanda wa timadontho. Ngati mukupanga yanu, pa zitsanzo zoyesera musasowe chimodzi chimene mapeto ake ali otseguka.

Ziwiri zing'onozing'ono. Mu SVG nambala ya y imakula potsika pansi, ndiye mzere umene uli pamwamba m'masamu umakhala ndi y yochepa pa sikirini. Masamu onse ndikuwachitira m'nambala za girafu, n'kusinthira ku ma pixel pomaliza penipeni. Chachiwiri, ndasiya kupeza x powonjezera sitepe pa x wam'mbuyo. Mu JavaScript 0.1 + 0.2 amapereka 0.30000000000000004, ndipo tizolakwika totere tikaunjikana, kadontho komaliza kamaphonya malire. Panopa x aliyense akuwerengedwa payekha: a + i·(b − a)/n.

10 Malichi: mphambano

Apa ndi pamene ntchito yeniyeni yayambira.

Ndinaika y = x ndi y = x³ kuchokera pa −1 mpaka 1. Chithunzi chinali bwinobwino, timasamba tiwiri topakidwa, kena kumanja kena kumanzere. Koma nambala ya m'munsi inati 0. Code inkawerenga integral ya f − g, yomwe imatenga malo ngati plus pamene f ili pamwamba ndi minus pamene g ili pamwamba, ndipo kumanja imapeza 1/4, kumanzere −1/4, n'kufafanizana. GeoGebra nayonso imapereka 0 pa chitsanzochi, ndipo sikulakwa, chifukwa lamulo lija limawerenga integral ya kusiyana kwa mizereyo. Koma wophunzira amene akuona malo opakidwa ndi maso ake, pansi pake palembedwa 0, mutu umamuima. Malo enieni ndi 1/2. Zomwezo zimachitika ndi cos x ndi sin x kuchokera pa 0 mpaka π/2: integral ndi 0, pamene malo ndi 2√2 − 2, pafupifupi 0.828.

Ndaganiza zoonetsa nambala zonse ziwiri, ndi kupaka mitundu iwiri, buluu pamene f ili pamwamba, olenji pamene g ili pamwamba. Mwana akaona kuti buluu ndi wofanana kukula ndi olenji, 0 uja amumvetsa popanda womufotokozera. Kuti zimenezi zitheke, path iyenera kudulidwa pa mphambano iliyonse.

Poyamba ndinkadulira pa timadontho tomwe tilipo kale. Sitepe ikakhala 0.05, timadontho timagwera pa 0.75 ndi pa 0.80, pamene cos ndi sin zimadutsana pa π/4, amene ndi 0.7854. Chidutswa cha buluu chinathera pa 0.75, cha olenji chinayambira pa 0.80, ndipo pakati panatsala mpata woyera, pamalo enieni amene diso la wophunzira limathamangira. Mukakulitsa chithunzi mumaona bwino: zidutswa ziwiri zodulidwa nsonga zikuyang'anizana, mizere ikudutsana payokha pakati pawo. Vutoli si lachilendo. Amene amagwiritsa ntchito fill_between ya Matplotlib (pulogalamu ina yojambulira magirafu) amalidziwa, ndipo n'chifukwa chake kumeneko kuli interpolate=True.

Kukonza: paliponse pamene f − g yasintha kuchoka ku plus kupita ku minus pakati pa timadontho tiwiri toyandikana, ndikufufuza mphambano pogawa mpatawo pawiri, kusunga theka lomwe muli kusinthako, n'kuligawanso. Kugawa ka 30 kumachepetsa mpata wa 0.05 kufika pochepera 0.0000000001, kutali kwambiri ndi zimene sikirini ingaonetse. Kadontho kopezekako kakulowa m'zidutswa zonse ziwiri, kukhala kothera ka china ndi koyambira ka chinzake. Mtengo wake ndi wochepa: kuwerenga f ndi g ka 30 pa mphambano iliyonse.

Nditabwerera ku x ndi x³, timasamba tonse tiwiri tinatuluka ta buluu. Code inkazindikira mphambano pochulukitsa kusiyana kwa pa kadontho kamodzi ndi kwa kotsatira, n'kuona ngati yankho lili pansi pa 0. Koma apa kadontho kena kanagwera pa x = 0 penipeni, pamene kusiyana ndi 0 ndendende. Chilichonse chochulukitsa ndi 0 ndi 0, ndiye mphambanoyo inadumphidwa mbali zonse ziwiri. M'masamu a kusukulu izi zichitika kawirikawiri, chifukwa mafunso ake amakonda mizere yodutsana pa 0, pa 1 kapena pa 2. Tsopano kadontho kokhala ndi kusiyana kwa 0 kakuyang'anidwa padera: code ikuona oyandikana nako a mbali zonse ziwiri, ndipo ngati zizindikiro zawo (plus kapena minus) zikusiyana, pomwepo ndi podulira.

Chimene chatuluka lero ndi mndandanda wa malo odulira. Chithunzi ndi nambala zonse zizitenga pa mndandanda umodzimodziwu, kuti zisadzatsutsanenso.

13 Malichi: nambala yosakhazikika

Kukula kwa malo ndinkakuwerengera pa timadontho tojambulira tomwe tija, polumikiza ndi timizere towongoka. Pa x ndi x², magawo 10 amapereka 0.165, magawo 100 amapereka 0.16665, pamene yankho ndi 0.16666 osalekeza. Kusiyanako n'kochepa, koma timadontho timasintha munthu akakulitsa kapena kuchepetsa chithunzi, ndiye manambala a kumapeto ankasinthasintha mizere isanasunthe n'komwe. Wophunzira angaganize kuti malo amakula mukawayandikira.

Kuwerenga ndakulekanitsa ndi kujambula. Chidutswa chilichonse cha pakati pa malo odulira awiri chikuwerengedwa pachokha ndi njira ya Simpson (yolumikiza timadontho ndi timizere tokhota m'malo mwa towongoka), mosayang'ana kuti sikirini ikuonetsa chiyani. Njirayi siphonya pa mizere ya x, x² ndi x³, ndiye 1/6 ndi 1/2 zikutuluka zenizeni. Musayese kuika |f − g| yonse (kusiyana kwa mizereyo kochotsa minus) mu Simpson kamodzi n'kamodzi. Pa mphambano pamakhala ngodya yakuthwa, ndipo njirayi imafuna mzere wosalala. Imavutikanso ndi √x pafupi ndi 0, pamene mzere umayamba choimirira, choncho pamalo otere code ikugawanso magawo mpaka mayankho awiri otsatizana agwirizane. Pa √x ndi x² tsopano ikupereka 0.333, molingana ndi 1/3 wa papepala. Pa sikirini ndikuonetsa manambala atatu okha pambuyo pa kadontho.

17 Malichi: mizere yongokhudzana

Chitsanzo cha slider ndi y = x² ndi y = 2x + c. Mphambano zake zili pa 1 − √(1 + c) ndi 1 + √(1 + c). Pa c = 3 ndi −1 ndi 3, malo 32/3. Pa c = 0 ndi 0 ndi 2, malo 4/3. Mukamatsitsa c mphambano ziwirizo zimayandikana, pa c = −1 zimasanduka imodzi, ndipo kupitirira apo mizere sikumananso. Kwa ine pamenepa ndi pokoma kwambiri pa phunziro lonseli, ndiye sindikufuna kuti girafu ipunthwe pomwepa.

Inapunthwa. Pambali pa slider pali kabokosi kolembamo nambala, ndipo nditalemba −0.9999, mphambano zinayenera kukhala pa 0.99 ndi 1.01, motalikirana 0.02 basi. Sitepe ndi 0.05. Kadontho kakagwera pakati pa ziwirizo, zonse zimapezeka. Kakapanda kugwerapo, code imaona x² ili pamwamba uku ndi uku, n'kunena kuti mizere sinakumane. Ndiye pokoka girafu ndi chala, zizindikiro ziwiri za mphambano zinkaoneka n'kusowa, kuoneka n'kusowa, malinga ndi pamene timadontho tagwera. Pa c = −1 penipeni, pomwe mizere imangokhudzana pa x = 1 osadutsana, kugawa pawiri kulibe pogwira, chifukwa chizindikiro cha f − g, plus kapena minus, sichisintha.

Kuchulukitsa timadontho si mankhwala, kumangosunthira vutolo patsogolo n'kulemetsa foni. Chimene ndachita n'chakuti code ikuyang'ana timadontho titatu totsatizana. Ngati mizere yayandikana pa kapakati kuposa pa tam'mbali, koma chizindikiro sichinasinthe, ikufufuza pakatipo malo amene mizere yayandikana kwambiri. Ikapeza kuti pamenepo chizindikiro chatembenuka, ndiye kuti pali mphambano ziwiri, ndipo iliyonse ikufufuzidwa payokha. Ikapeza kuti kusiyana kwafika pafupifupi pa 0 popanda kutembenuka, ikuika chizindikiro chimodzi cha pokhudzana, koma osadula, poti mzere wapamwamba ukadali womwewo.

Izi sizigwira chilichonse. Mzere ngati sin(1/x) umadutsa 0 kosawerengeka pafupi ndi x = 0, ndipo palibe sitepe imene ingaukwanitse. Ndaika malire a mphambano 50. Zikapitirira, girafu ikunena kuti mizere yadutsana mochuluka kwambiri ndipo siikupereka nambala. Kuli bwino kusayankha kusiyana ndi kupatsa mwana nambala yabodza.

20 Malichi: mizere yoduka

y = 1/x ndi y = x, kuchokera pa −2 mpaka 2. Mavuto anabwera motsatizana.

Kadontho katagwera pa x = 0, JavaScript inapereka Infinity (yankho lake pa 1/0), mawuwo analowa mu path, ndipo browser inajambula mpaka pamenepo n'kusiya zotsalazo. Theka la chithunzi linasowa. Ndi mmene SVG imachitira ikakumana ndi cholakwika mu path. Nditachotsa kadonthoko, path inalumikiza kadontho ka pansi penipeni kumanzere ndi ka pamwamba penipeni kumanja, n'kupanga mzere woimirira umene m'masamu mulibe. Kenako yofufuza mphambano ija inaona kuti f − g yasintha chizindikiro pa 0, inagawa pawiri ka 30 mokhulupirika, n'kuika chizindikiro cha mphambano pamene mizere ili kutali koposa.

Kuyang'anira Infinity kokha sikukwanira. Math.tan(Math.PI/2) sapereka Infinity, amapereka 16331239353195370, chifukwa π ya mu kompyuta ndi yoyandikira chabe. Chozindikirira chabwino chili mu kugawa pawiri komweko. Pa mphambano yeniyeni kusiyana kwa f ndi g kumachepa pamene mpata ukuchepa. Pamene mzere wathawira kumwamba kumakula. Ndiye kufufuza kukatha, code ikuyerekeza kusiyana komaliza ndi koyamba: kukakhala kuti kwakula, malowo akulembedwa kuti ndi poduka, osati mphambano. Akulowabe mu mndandanda wa malo odulira, koma zidutswa za mbali ziwirizo sizikugawana kadontho. Ma y aakulu kwambiri ndikuwadulira kunja pang'ono kwa chithunzi, ndipo clipPath ya SVG, yomwe imabisa zonse zotuluka kunja kwa chithunzi, ikubisa zotsalazo.

Nanga nambala? Malo a pafupi ndi 0 pansi pa 1/x alibe malire. Chidutswa chikathera poduka pamtundu uwu, girafu ikupaka koma siikulemba nambala. Ndikudziwa kuti pali mizere ina, monga 1/√x, imene imathawira kumwamba koma malo ake ali ndi malire. Kusiyanitsa ziwirizi molondola ndi ntchito ina, ndipo pakadali pano zonse zikungolembedwa kuti nambala siinawerengedwe.

Kuduka kwina ndi kwa mizere imene imangothera panjira. y = √(4 − x²) ndi y = −√(4 − x²) zimapanga bwalo lathunthu, malo ake 4π, pafupifupi 12.566. Kupitirira x = 2 JavaScript imapereka NaN, kutanthauza kuti yankho si nambala. Kadontho komaliza kabwino kakagwera pa 1.97, bwalolo limaoneka losemedwa m'mbali, ndipo chosemedwacho si chaching'ono: pamenepo y ikadali pafupifupi 0.35 kumwamba ndi 0.35 kumunsi. Mankhwala ndi kugawa pawiri komweko, kungoti funso lasintha: pakati pa kadontho kokhala ndi nambala ndi kopereka NaN, malire ali pati? Bwalo latsekeka, ndipo malirewo alowanso mu mndandanda uja.

24 Malichi: pa foni

Pa kompyuta zonse zinkayenda bwino, koma pa foni yakale slider inkatsogola, mtundu n'kumabwera pambuyo. Sikirini yojambula ka 60 pa sekondi imapereka mamilisekondi pafupifupi 16.7 pa chithunzi chilichonse, ndipo code inkayambiranso masamu onse pa uthenga uliwonse wochokera ku chala. Tsopano uthenga ukabwera ikungosunga nambala yatsopano, ndipo kuwerenga kukuchitika kamodzi mkati mwa requestAnimationFrame, lamulo lodikira nthawi imene browser ikufuna kujambula chithunzi chotsatira. Ma path sakufufutidwanso, chikusintha ndi d yawo yokha, mmene mumalembedwa timadontho ta path. Timadontho nato tikutengera m'lifupi mwa chithunzi, kamodzi pa ma pixel awiri aliwonse. Popeza mphambano zikufufuzidwa padera, kuchepetsa timadontho sikunawononge chilichonse.

Pokoka girafu ndi chala tsamba lonse linkayenda nawo. Mzere umodzi wa CSS (malamulo a kaonekedwe ka tsamba), touch-action: none, woikidwa pa girafu yokha, wathetsa zimenezo.

Mitundu ndasankha buluu ndi olenji. Wofiira ndi wobiriwira ndawapewa dala, chifukwa pali anthu ambiri ndithu, makamaka amuna, amene maso awo sasiyanitsa bwino iwiriyi. Pa olenji ndawonjezera timizere topendekera pogwiritsa ntchito pattern ya SVG, kuti mphunzitsi akasindikiza pa makina opanda mitundu zidutswa zizisiyanabe.

28 Malichi: mizere yogona chammbali

x = y² ndi x = y + 2 zimakumana pa (1, −1) ndi (4, 2), ndipo malo a pakati ndi 9/2. Mzere woyambawo uli ndi ma y awiri pa x mmodzi, ndiye njira yoyenda kuchokera kumanzere kupita kumanja siingautsate. Pano kulekanitsa masamu ndi ma pixel kuja kwandipulumutsa. Code yonse ikuyenda pa y m'malo mwa x, mndandanda wa malo odulira ukutuluka −1 ndi 2, ndipo nambala ziwiri za kadontho kalikonse zikusinthana malo pojambula pokha. Girafu yapereka 4.500.

Chatsala ndi mizere yotsekeka iwiri yolowana, monga mabwalo awiri opendekeka, kumene kulibe wapamwamba kapena wakumanja. Kumeneko f − g kulibe, ndipo pakufunika njira yodulira chithunzi chimodzi ndi chinzake. JSXGraph, yomwe inapangidwa ku yunivesite ya Bayreuth ndipo ndi yaulere, imachita zimenezi ndi njira ya Greiner ndi Hormann. Mlungu wamawa ndiyesa mabwalo awiri ofanana, lililonse lodutsa pakati penipeni pa linzake, kuti ndione ngati kukula kwa fayilo kungalole kuitenga yonse kapena ndilembe ndekha gawo lodulalo.